Njinga ya Atsibweni Inatha Mazinga pa Lirangwe

Ine ndine munthu waphuma, ndipo sindikana. Amayi amanena kuti ndili mwana ndinkamwa phala lisanapole, n'kupsa, n'kulira, mawa lake n'kubwerezanso. Ndakula nalo khalidweli. Ndikakhala pa mzere kuchigayo ndimasuntha thumba langa ndi phazi ngakhale mzerewo usakuyenda. Ndiye tangoganizani munthu wotere atakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa chikamwini ku Chileka, akudikira yankho limodzi lokha.

Yankholo linali la chitengwa. Kwathu ndi ku Lirangwe, ndipo amayi anga anali atatsala okha pakhomo, maondo akuwavuta, munda ukucheperachepera chaka ndi chaka chifukwa chosowa woulima. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi ana athu awiri kuti tikakhale kumeneko. Koma mkazi sungangomunyamula ngati mpando. Mwini mbumba ayenera kulola, ndipo mwini mbumba kwa mkazi wanga anali atsibweni ake, mlongo wa malemu mayi ake, amene anamulera kuyambira ali kamwana. Akazi awo anali atamwalira, ana awo onse ali kutauni, ndipo nyumba yathu inayang'anizana ndi yawo. Mkazi wanga ndiye ankawaphikira ndi kuwachapira. Nkhani ya chitengwa ndinaitula kudzera kwa ankhoswe kawiri konse, ndipo kawiri konse yankho linali lakuti tiona. Kachitatu aka anatchula tsiku. Anati Lamulungu likubweralo, tikaweruka ku tchalitchi, ankhoswe a mbali zonse adzakhale pansi.

Atsibweniwo anagwira ntchito zaka zambiri pabwalo la ndege, kumene ankasunga zipangizo, ndipo udongo wa kumeneko anabwera nawo kunyumba. Khasu linali ndi msomali wake, chikwanje ndi msomali wake. Atapuma pantchito anagula njinga yamoto yakale kwa munthu wina wa ku Mdeka amene ankachitira kabaza. Inali yofiira kalelo, koma dzuwa linali litaidya mpaka kuoneka ngati njerwa. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, usiku inkagona pabalaza, ndipo ankaikwera popita ku tchalitchi ndi kumsika basi, pang'onopang'ono moti wa njinga yakapalasa ankawapitirira. Kwa makaniko sinkapita. Ankati amakaniko amakonza chimodzi n'kuononga ziwiri. Pa zaka zonsezo ine sindinaikhudzepo, ngakhale kuichotsa pamvula.

Lachisanu m'mawa ndikunola khasu ndinamva akuitana. "Akamwini."

Ndinapita n'kunjuta pafupi ndi khonde lawo. Anatulutsa kiyi m'thumba la malaya.

"Mupite ku Lirangwe mukawauze atsibweni anu kuti ndi Lamulungu. Nkhani ngati izi sitinenera pa foni. Dzuwa lisanalowe njingayi ikhale ili pano."

Ndinalandira kiyiyo ndi manja awiri. Kwa ine nkhani inali yatha. Munthu amene akufuna kukukaniza mwana wake sangakupatse chinthu chimene amagona nacho m'nyumba. Mkazi wanga anaima pakhomo pathu ndi lichero m'manja, naye maso ali tong'o. Pamene ndinkakankha njinga kutulukira kumsewu anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Muyende bwino, koma phuma lanu mulisiye pano."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lotentha kuyambira m'mamawa. Ndinadzera njira yafumbi mpaka kukatulukira pa tala, ndipo njinga inayenda bwino ndithu, kungoti inkamveka ngati munthu wa mphuno zotsekeka. Uthenga ndinafikitsa. Atsibweni anga anati amva, adzafika. Amayi anandigwira dzanja kuti ndikhale ndidye kaye, nkhuku anali ataithamangitsa kale, koma ine ndinakana. Ndinkafuna kukafika ku Chileka masana, njinga ili yopukuta, kuti onse aone kuti mkamwini uja ndi munthu wosunga zinthu. Ndinamwa thobwa nditaimirira n'kunyamuka.

Nditangofika pa Lirangwe penipeni, pafupi ndi pamene amaima anyamata a kabaza, njinga inayamba kutsokomola. Ndikaipatsa moto inkadukiza, kenako n'kulumpha, kenako n'kudukizanso. Munthu wanzeru akanapita nayo choncho pang'onopang'ono, kapena akanaima n'kufunsa. Ine ndinaima pansi pa mtengo, n'kukumbukira kuti ndimawaona a kabaza akumasula pulagi, kachitsulo koyatsa moto mu injini, n'kuipala ndi kampeni, n'kubwezera, njinga n'kuchira. Ndinatsegula kabokosi ka m'mbali n'kupeza sipanala zitakulungidwa bwinobwino m'kansalu, pamodzi ndi kachingwe ka magetsi kosenda mbali imodzi, kamene sindinakalabadire.

Injini inali yamoto yoti n'kuwotcherapo mbatata. Pulagi inamasuka mosavuta kwambiri, ndipo ndinadziyamikira kuti ndili ndi dzanja la ntchito. Ndinaipala, ndinaipemerera, koma pobwezera zala zinapsa, ndiye ndinaiika mu sipanala n'kuyamba kumanga kuchokera pa mazinga oyambirira, timizere tozungulira timene pulagi imamangira. Inalimba msanga. Ndinaona kuti yapendekeka pang'ono, koma ndinati ikhala bwino ikalowa. Ndinakanikiza. Inalimbanso. Ndinakanikiza ndi mkono wonse, ndipo mwadzidzidzi sipanala inafewa n'kumangozungulira ngati ndikutakasa madzi. Komabe ndinavundikira kachipewa ka waya pa pulagi n'kuponda kiki yolizira injini. Njinga inalira kamodzi, kenako kunamveka phu, ndipo pulagi inatuluka n'kumalendewera pa waya wake.

A kabaza aja anali akundionerera nthawi yonseyi. Mmodzi anabwera, anasuzumira pa bowo, n'kupukusa mutu akuseka.

"Madala, apa ndiye mwatha mazinga. Pitani kuseri kwa msika, pafupi ndi owotcherera. Kuli mdala wina kumeneko. Koma mukhale ndi mtima, sathamanga."

Ndinakankha njinga kudutsa pakati pa ogulitsa tomato ndi mbuzi zomangirira, thukuta lili kamukamu. M'mutu mwanga munali Lamulungu lokhalokha.

Makanikoyo anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wovala ovolosi yodula manja, ndipo ndinamupeza akudya mango pansi pa kashedi ka malata atatu. Sanaimirire. Anamvetsera nkhani yanga yonse akuyamwa phata la mango, anasamba m'manja, kenako anabwera n'kuika kuseri kwa dzanja pa injini ngati mayi woyesa mwana malungo.

"Achimwene, munamasula ili chonchi?"

Ndinavomera.

"Hedi iyi, mutu wa injiniwu, ndi yofewa. Ikatentha imakhala ngati sopo. Pulagi ndi chitsulo, ndiye ikalowa mopendekeka imadula njira yakeyake." Anasuzumira pa bowo. "Njira zilipo ziwiri. Hedi yatsopano, koma imeneyo ndi ku Limbe, Lolemba. Apo ayi tiike bushi."

Ndinafunsa kuti bushi n'chiyani. Anafufuza m'chitini cha zitsulo n'kutulutsa pulagi yakale ya galimoto, yonenepa kuposa ya njinga. Anati adula mbali ya mazinga ija, aiboola mkati, adulamo mazinga atsopano oti pulagi ya njinga izilowamo, kenako akuza bowo la pa hedi n'kumangamo kachitsuloko. Ndinati chitani, chitani pompano.

"Pompano ayi. Izizire kaye."

Ndinapempha kuti tithirepo madzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ngati ndikufuna kusweratu hedi yonse, ndowa ili apo. Kenako anatenga mango ena.

Sindikudziwa kuti ndinazungulira kangati msika wa Lirangwe tsiku limenelo. Ndinapita kumsewu kukaona ma minibasi akudutsa, ndinabwerera, ndinagwira injini, ndinapsa, ndinapitanso. Mayi wina wogulitsa mandasi anafika pondifunsa ngati ndataya mwana. Ndikayang'ana dzuwa ndinkaona ngati likuthamanga, ndikayang'ana makaniko ndinkaona ngati waima. Anaphwanya choyera cha pulagi ya galimoto ija ndi kahamala, pang'onopang'ono. Anaimanga pa vayisi, chopanira zitsulo, n'kuyamba kudula ndi sowo ya zitsulo imene mano ake anali atatsala ochepa. Itakwana nthawi yoboola, magetsi anali atathima kwa owotcherera, ndiye anatulutsa choboolera chopukusa ndi manja. Ndinati ndimuthandize kupukusa. Anakana, nati manja anga wawaona kale ntchito yake.

Injini itazizira anatenga sipoko ya njinga yopinda kunsonga n'kuyamba kutokosa m'bowo muja kuti achotse zinyenyeswa. Mwadzidzidzi anasiya. Anakoka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa sipoko kunatuluka tiwaya ta kopa tating'onoting'ono, topotana, tina takuda ndi utsi, tina tikadali tofiira. Anatokosanso, tinatulukanso tina.

"Iti munaika ndinu?"

Ndinati ayi, sindikutidziwa.

"Njingayi ndi yanu?"

"Ndi ya apongozi."

Anaseka osatsegula pakamwa. Anayala tiwayato pa chikhato chake n'kundionetsa. Anati mazinga a hedi imeneyi anatha kalekale. Munthu wina wakhala akukulunga tiwaya ta kopa pa pulagi kuti igwire, ndipo ndi munthu waudongo, wakulunga motsatira mazinga onse. Ndinati mwina ndi mwini wake woyamba, wa ku Mdeka uja. Anapukusa mutu.

"Waya wa zaka suoneka chonchi. Uyu ndi wa mwezi uno. Amasintha pafupipafupi ameneyu." Anatsegula kansalu ka sipanala kaja, natulutsa kachingwe ka magetsi kosenda mbali imodzi, naika pafupi ndi tiwayato. Zinali chimodzimodzi. "Panatsala mazinga awiri kapena atatu. Amenewo ndiye mwamaliza ndinu. Koma maliro anayamba kale musanabwere."

Anandikhuthulira tiwayato m'manja, ndipo ndinatiika m'thumba la malaya.

Choyamba ndinasangalala, ndinene zoona. Ndinamva ngati anditula katundu pamutu. Kenako mtima unayamba kuwira. Ndiye kuti kupukuta konse kuja, kukana amakaniko konse kuja, kunali kubisa chilema? Munthu wa misomali ya makasu, amene ankandiyang'ana ndikasiya nkhwangwa panja, anali kuyenda ndi pulagi yomanga ndi waya wa ayironi. Ndinayamba kukonza mawu oti ndikanene. Ndinawakonza mwaulemu, ndinawakonza mokalipa, ndinawabwezeranso ku ulemu, ndikuyenda uku ndi uku pansi pa kashedi mpaka makaniko anandiuza kuti ndikumutchingira kuwala.

Iye anali atafika pa ntchito yeniyeni. Anazungulitsa injini ndi dzanja mpaka pisitoni inatsika, kuti asaigunde. Anatenga tapu, kachitsulo kodulira mazinga, n'kuipaka girizi wambiri m'mizere yake kuti zinyenyeswa zizimatirira pamenepo, zisagwere mkati mwa injini. Anaiimika pa bowo, anayang'ana kutsogolo, anayang'ana m'mbali, anaichotsa, anaiimikanso. Kenako anapotoza theka, n'kubwerera. Theka, n'kubwerera. Akapotoza kangapo ankaitulutsa yonse, n'kupukuta girizi wodzaza ndi tizitsulo tonyezimira, n'kupaka wina, n'kuyambiranso. Ine mano ndinali nditaluma mpaka nsagwada kuwawa.

Foni inalira. Anali mkazi wanga, akufunsa ngati ndanyamuka. Ndinati njinga yavuta pang'ono, ndili kwa makaniko pa Lirangwe.

"Yavuta yokha, kapena mwaigwira?"

"Ndinaigwira."

Anadula foni. Makaniko anali atamva zonse, maso ali pa tapu.

"Mukawaonetsa tiwaya tija?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ine ndikanawaonetsa, pamaso pa onse," anatero akupukuta girizi. "Koma musatengere ine, achimwene. Ine anandisudzula kawiri."

Dzuwa linali litapendeka kwambiri pamene anamanga bushi ija m'malo mwake. Anapopera m'bowo ndi pampu ya njinga, anaponda kiki kangapo pulagi isanalowe kuti chotsalira chilichonse chituluke, kenako anandipatsa pulagi yatsopano m'manja. Anati ndimange ndekha, koma ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Ndinamanga ndi zala zanga zamatuza zija, ndipo inalowa myaa mpaka pansi. Njinga inalira kiki yoyamba. Kulira kwake kunali kwina, kolimba, kopanda mphuno zija, ndipo ndinadziwa kuti mwini wake akamva kusinthako ndisanafike n'komwe pakhomo.

Ndinathamanga, koma dzuwa linandilowera ndili m'njira yafumbi. Ndinafika ku Chileka kukadali kachisisira. Atsibweni anali pa mpando wawo pakhonde. Pamkeka panali mkazi wanga, ana, ndi amayi ake aang'ono, mng'ono wa malemu apongozi anga aakazi, mayi amene chinthu akachiona m'mawa, masana chimakhala chitafika ku Madziabango. Ndinazimitsa njinga, ndinatsika, ndinanjuta. Mawu onse ndinakonza aja anali pakamwa, tiwaya tili m'thumba.

Atsibweni anaimirira n'kubwera pa njinga. Sanayang'ane matayala, sanayang'ane thanki ngati yakalika. Dzanja lawo linapita molunjika pa kachipewa ka pulagi. Mbumba yawo yonse inali ikuwayang'ana kumsana. Pamenepo ndinalephera. Mkamwini sachititsa manyazi mwini mbumba pamaso pa alongo ake ndi adzukulu ake, zimenezi ndinazidziwa ndisanakwatire n'komwe, koma panthawiyo sindinaganize za mwambo. Ndinangoona dzanja la munthu wokalamba lili pamalo amene ankabisa.

"Ndalakwa, bambo," ndinatero. "Inadukiza panjira, ndiye ndinamasula pulagi injini ili yamoto. Pobwezera ndatha mazinga. Amakaniko aikamo bushi."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mwatha ndinu?"

"Ndine, bambo."

Iwo anati, "Chabwino." Analandira kiyi, anakankha njinga kulowa nayo m'nyumba, n'kutseka chitseko. Amayi aang'ono aja anaomba m'manja kamodzi n'kudzuka, chitenje akumangira m'njira.

Loweruka linali tsiku lalitali kuposa Lachisanu. Mkazi wanga sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondifunsa akutsuka mbale kuti, "Zaka zisanu ndi ziwiri mwapirira, masiku awiri okha ndiye munalephera kuugwira mtima?" Misozi inali m'maso. Dzanja langa linapita pa thumba la malaya, koma ndinalibweza. Atsibweniwo kwa iye anali bambo ndi mayi, ndipo sindinafune kumuika pakati. Ndinawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale. Ndinakonza chitseko cha khola la mbuzi chimene sichinali chothyoka. Kangapo konse ndinadutsa pafupi ndi khonde lawo ndikuyembekeza kuti andiitana, kuti anena okha. Anali kuwerenga Baibulo lawo, magalasi ali pamphuno, ndipo sanadzutse mutu. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti mkamwini wa ku Lirangwe wapha njinga ya mdala tsiku limodzi. Ndinakwiya kwambiri, ndipo theka la mkwiyowo linali pa ine mwini.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Atsibweni anga anali atafika m'mawa pa minibasi, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anayala nkhani bwinobwino: mlongo wawo wakalamba, munda ukugona, mwana wawo wakhala pano zaka zambiri popanda mlandu, akupempha chitengwa. A mbali ya mkazi wanga anavomera kuti amva. Kenako amayi aang'ono anapempha kulankhula.

"Ine mawu anga ndi ochepa. Dzana lomweli munthuyu anapatsidwa njinga kuti apite ndi kubwera. Tsiku limodzi. Wabwera nayo yovulala, ndipo wavomera yekha kuti ndi phuma. Ndiye ife timupatse mwana wathu ndi adzukulu, apite nawo kumene maso athu safika? Adikire kaye, aphunzire kusunga."

Ena anang'ung'udza movomereza. Atsibweni anga, amene nkhani ya njinga ankaimva koyamba, anandiyang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu. Mkazi wanga ankakumba pansi ndi kamtengo.

Tiwaya tija tinali m'thumba la malaya a ku tchalitchi, pakuti ndinali nditatisamutsa m'mawa. Sindinganame kuti ndinakhala chete chifukwa cha ubwino wa mtima. Ndinkafuna kutitulutsa ndi mtima wanga wonse. Koma ndinaona kuti ndachedwa. Lachisanu ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndine, ndiye kutulutsa tiwaya lero kukanaoneka ngati ndatola pa dzala kuti ndidzipulumutse ponamizira nkhalamba. Ndinakhala pamenepo thukuta likutsika m'msana, ndikuona amayi anga akulima okha chaka chinanso, ndikudzitukwana chamumtima.

Onse anayang'ana kwa mwini mbumba. Anali atagwira chipewa chawo pa bondo, akuchizungulitsa.

"Atenge," anatero. "Asamuke mvula isanagwe, akapeze munda wa mayi ake."

Amayi aang'ono anayamba kuti, "Koma achimwene," ndipo iwo anakweza dzanja.

"Ndanena."

Nkhani inathera pomwepo. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, ndipo ine ndinathokoza nditagwada, mutu usakugwira bwino chimene chachitika.

Titadya, ine ndi atsibweni a mkazi wanga tinaperekeza atsibweni anga kumsewu kukakwera minibasi. Pobwerera tinatsala awiri, iwo patsogolo, ine pambuyo pang'ono monga mwa nthawi zonse. Ndege inadutsa chapansipansi ikukatera, ndipo anadikira kuti phokoso lithe. Sanatembenuke.

"Makaniko uja anakuonetsani zimene anapeza m'bowo."

Silinali funso, koma ndinayankha kuti anandionetsa.

"Ndinatha mazinga aja chaka chomwe ndinagula njinga. Ndinachita manyazi kupita nayo kwa anthu." Anayenda mapazi angapo. "Imadukiza ikayenda mtunda wautali, ndimadziwa. Ndipo inu ndimakudziwani, akamwini. Ndinadziwa kuti ikakuvutani panjira simupirira, muigwira."

Ndinaima. Iwonso anaima, akuyang'ana kutsogolo.

"Ndinkafuna chifukwa chokukanirani. Choti anthu achione ndi maso, asanene kuti mdala akuumira mwana chifukwa cha mbale ya chakudya. Ndinkayesa mubwera mukukalipa, mundiyalutse, ndipeze zifukwa ziwiri. Inu munabwera n'kundipatsa chifukwacho m'manja, mutanjuta. Lachisanu ndinachilandira. Dzulo ndinakhala nacho tsiku lonse. Lero chandikanika kuchitula."

Mkwiyo unandikwera. Zala zanga zinali zikadali ndi matuza, mudzi wonse unali utandiseka, mkazi wanga anali atalira, ndipo zonsezi munthu anachita kukonza atakhala pa mpando wake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga mawu anachedwa okha. Ndinkawaona kumsana, khosi litaonda mkati mwa kolala, malaya atasitidwa bwino ndi manja a mkazi wanga. Mvula ikagwa adzatsegula chitseko m'mawa n'kuona nyumba yathu ili yotseka. Ndinali nditapeza chimene ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chimwemwe chake sindinachipeze.

Tinayambanso kuyenda. Titayandikira mudzi anachepetsa liwiro mpaka tinalingana, phewa ndi phewa.

"Kwanuko mjigo uli pafupi?"

Ndinati uli pafupi, kuseri kwa sukulu.

"Chifukwa mwanayu msana umamuvuta akasenza ndowa mtunda wautali. Sanena. Muzimuyang'ana kayendedwe."

Ndinati ndamva, bambo. Anagwedeza mutu, anavala chipewa chawo, n'kupatukira kunyumba kwawo okha.